Mfuti Yokwana M'dzanja

Amayi anzanga a Chigwirizano, ambiri a inu mumagwira ndalama tsiku ndi tsiku. Ena muli ndi mashopu ku Kamwala, ena mumagulitsa ku Luburma, ena mumapita ku Nakonde kukaoda katundu. Mukuwadziwa mantha oweruka madzulo chikwama chili m'khwapa. Ndiye wina akakuuzani kuti, "Amayi, gulani kamfuti koyenda nako," musadabwe mtima wanu ukayamba kumvetsera. Funso lathu lero ndi ili: kodi n'koyenera kuti mayi wachikhristu asunge mfuti yodzitetezera?

Ogulitsa mfuti amanena kuti chofunika kwambiri posankha pisitolo ndi chigwiriro chake. Chikakula, chala sichifika bwino pokhethemulira. Chikachepa kapena kuterera, mfuti imagwedezeka. Pisitolo yaing'ono yopepuka, imene amati ndi ya amayi, ndiyo imakankha dzanja kwambiri ikaphulika. Chifukwa chake amisiri amapanga zigwiriro zapadera, za mtengo, za labala kapena za pulasitiki, zokhala ndi malo a chala chilichonse. Ku America amafika pozipaka utoto wa pinki kuti zikope akazi.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mpini wa khasu ukakwana m'manja, munda umatha msanga. Munsi wosalala sutupitsa zikhatho. Chigwiriro chabwino chimapeputsa ntchito ya chida. Koma taimani pomwepa. Ntchito ya khasu ndi kulima, ya munsi ndi kusinja. Nanga ntchito ya pisitolo? Siipha insa, siithamangitsa anyani m'munda. Inapangidwira munthu. Choncho chigwiriro chokwana bwino chimapeputsa kuwombera munthu, ndipo tisanasirire kukongola kwake tikumbukire kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tisafulumire kunena kuti kudziteteza ndi tchimo. Moyo wanu ndi wa ana anu ndi mphatso yoyenera kuisamala. Chilamulo cha Mose, pa Eksodo 22, chimasiyanitsa wopha mbala yothyola nyumba usiku ndi woipha dzuwa litatuluka: woyambayo alibe mlandu wa mwazi, wachiwiriyo ali nawo. Apa tikuona zinthu ziwiri. Mantha a usiku Mulungu amawamvetsa, komanso ngakhale wakuba ali ndi moyo umene mwini katundu sangauchotse mwakufuna kwake. Katekisma wa Heidelberg, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi, amaphunzitsa kuti lupanga linapatsidwa kwa boma kuti liletse kuphana, ndiponso kuti muzu wa kupha ndi nsanje, chidani, mkwiyo ndi kufuna kubwezera.

Lamulo la dziko lathu nalonso silitseka khomo. Firearms Act, Chapter 110, limalola munthu kukhala ndi mfuti ngati ali ndi laisensi, ndipo mfutiyo imalembedwa m'kaundula wa apolisi. Koma laisensi ndi chilolezo chosunga mfuti basi. Mukawombera munthu, khoti lidzafunsabe ngati moyo wanu unalidi pangozi.

Tsopano funso lenileni si lakuti, "Kodi ndikuloledwa?" Funso ndi lakuti, "Mfuti imeneyi idzakumana ndi yani?" Pogula mumaganiza za kawalala. Koma kawalala amabwera mwina kamodzi pa zaka zambiri, mwina osabwera n'komwe. Amene amakhala ndi mfutiyo tsiku lililonse ndi amuna anu akabwera atatopa kapena atalawa, mnyamata wanu wa giredi 9 amene amadziwa pobisika ponse m'nyumba, mdzukulu wokonda kufwanthula m'zikwama, ndi inu nomwe tsiku limene mtima wawira. Kafukufuku amene Arthur Kellermann ndi anzake anafalitsa ku America mu 1993 anapeza kuti m'nyumba zosunga mfuti, ngozi yoti munthu aphedweremo inali yokulirapo pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wokondedwa. Zambia si America, koma mikangano ya m'banja ndi yomweyo.

Mantha nawonso saona bwino. Pa 14 February 2013, katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawombera kanayi pachitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria, n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa kuti ndi wakuba, komabe mu 2015 khoti la apilo linamupeza ndi mlandu wakupha. Kuno kwathu tikukumbukira chaka cha 2020, pamene mphekesera za opopera gasi m'nyumba zinafalikira. Anthu anaphedwa ndi magulu m'makomboni chifukwa chongoganiziridwa. Manja amene anatola miyala aja anali a anthu wamba ogwidwa ndi mantha. Akanakhala ndi mapisitolo, maliro akanachuluka motani? Mwala umatenga nthawi kuti uutole, ndipo mnzako angakugwire mkono. Chipolopolo chikatuluka ndi madzi otayika, saoleka.

Maganizo anga ndi akuti kwa ambiri a ife, mfuti imabweretsa m'nyumba ngozi yoposa imene ikuitchinga. Zotiteteza zina zilipo. Ndalama za malonda ziikeni pa foni kapena ku banki musanaweruke. Tsekani shopu nthawi imodzi ndi anzanu ndipo muziyendera limodzi. Dziwanani ndi oyandikana nawo, pakuti ku Woodlands ndi ku Kabulonga mipanda yatalika mpaka munthu sadziwa amene angamuitane usiku. Ndipo akawalala akakupanani, perekani chikwama. Katundu amaodedwanso.

Ngati mfuti ilimo kale m'nyumba mwanu, muli ndi ufulu wofunsa bambo a kunyumba mwaulemu koma mosabisa mawu: Kodi ili ndi laisensi? Kodi imakhala yokhomeredwa, zipolopolo zili kwina? Makiyi ali ndi yani? Ngati inatchulidwapo pa mkangano, ngakhale mwanthabwala, musakhale chete. Uzani abusa, ankhoswe ndi a Victim Support Unit. Amayi amasiye amene munapeza mfuti m'katundu wa malemu, musaiike pansi pa matiresi. Laisensi inali yawo. Pitani mukadziwitse apolisi. Kuyambira 2017, African Union inapatula mwezi wa September kuti anthu azibweza mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu.

M'munda wa Getsemane, Petro anasolola lupanga chifukwa chokonda Mbuye wake, osati chifukwa cha chidani. Komabe anauzidwa kuti alibwezere m'chimake, ndipo amene anachiritsidwa anali wovulazidwayo. Wogulitsa adzayesa dzanja lanu, amayi. Inu yesani nyumba yanu yonse, muwerenge amene amagonamo, kenaka musankhe. Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa.