Kudyetsedwa ndi Kutumikira: Funso la Chifundo pa Anthu Aulumali

Pali funso limene chipembedzo ndi nzeru za makolo zimakumanapo, ngakhale kuti silifunsidwa poyera kawirikawiri: kodi munthu amene abale ake akumudyetsa, kumuveka ndi kumusunga bwino, koma palibe womupatsa ntchito yoti agwire, walandira zonse zomuyenera? Funsoli limakhudza makamaka anthu aulumali, ndiko kunena awo amene miyendo, manja, maso, makutu kapena ubongo wawo sizigwira ntchito monga mmene zimagwirira mwa anthu ambiri, ndipo m'Malawi anthuwa si ochepa, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, oposa pang'ono 10 ali ndi ulumali wina wake.

Muzu wa nkhaniyi umaonekera bwino m'mutu 21 wa buku la Levitiko, mmene mwana wa banja la Aroni amene anali wosaona, wotsimphina, wothyoka dzanja kapena wa linunda analetsedwa kupereka nsembe paguwa, komabe analoledwa kudya zakudya zopatulika pamodzi ndi ansembe anzake. Lamuloli silinamutche wochimwa ndipo silinamuthamangitse, chifukwa maziko ake anali maganizo a nthawi imeneyo akuti chilichonse choyandikira guwa, kaya munthu kaya nyama ya nsembe, chikhale chopanda chilema. Koma linalekanitsa zinthu ziwiri zimene mwa wansembe wina aliyense zinkayendera limodzi, kudya ndi kutumikira. Aphunzitsi a Chiyuda amene anasonkhanitsa Mishnah, buku la miyambo ndi malamulo lolembedwa cha m'ma 200, amanena kuti m'kachisi munali chipinda cha nkhuni mmene ansembe oterewa ankakhala n'kumasankha nkhuni zofumbwa kuti zisafike paguwa, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale kalelo anthu anaona kuti kumusiya munthu akungodya sikunali kokwanira. Maganizo olekanitsawa anakhalitsa, moti malamulo a Mpingo wa Katolika a 1917 ankatchulabe chilema cha thupi ngati chotchinga pa unsembe, mpaka pamene malamulo a 1983 anachichotsa pamndandanda.

Nkhani ya Mefiboseti, mwana wa Jonatani, ndiyo imafika pamtima penipeni pa funsoli, ndipo n'zachisoni kuti alaliki ambiri amaima nayo pakati. Iye analumala miyendo ali ndi zaka zisanu pamene mlezi wake anamugwetsa pothawa, ndipo atakula, Mfumu Davide anamubwezera minda yonse ya agogo ake Sauli, namuika kuti azidya pagome la mfumu masiku onse. Ulaliki umathera pamenepo, pa kukoma mtima kwa Davide, kumene kunalidi kwakukulu. Koma minda ija inaperekedwa m'manja mwa Ziba, wantchito amene anali ndi ana aamuna 15 ndi antchito 20, kuti ndiye azilima ndi kukolola. Ndipo tsiku limene Abisalomu anaukira Davide, Ziba ndiye anakumana ndi mfumu panjira ali ndi abulu ndi kamba wa paulendo, nanena kuti mbuye wake watsalira ku Yerusalemu poyembekezera ufumu. Davide anapereka chuma chonse kwa Ziba asanamve mbali inayo, ndipo pamene Mefiboseti anadzafotokoza kuti wantchito wake anamunyenga, mlandu unatha ndi kugawa minda pakati. Munthu amene anali ndi mpando pagome koma wopanda udindo uliwonse m'manja mwake anapezeka kuti chuma chake, mbiri yake ngakhale mawu ake zikudutsira mwa munthu wina.

Pa Chichewa pali mawu amodzi amene amasenza nkhani yonseyi, ndiwo akuti "musavutike". Pamaliro, pamene mudzi wonse umagawana ntchito, adzukulu ali kumanda ndi makasu, amayi ali pamafuwa ndi mithiko, wina akulemba chipepeso m'kope, mnyamata woyendera ndodo amene anamaliza Fomu 4 ndipo akanatha kugwira kopelo amapatsidwa mpando pamthunzi ndi kuuzidwa mwaulemu wonse kuti asavutike. Onena mawuwa amanena ndi mtima wabwino, ndipo ichi ndicho chimachititsa kuti akhale ovuta kuwatsutsa. Komabe umunthu, umene ndi chiphunzitso chakuti munthu amakhala munthu weniweni kudzera m'kukhalirana ndi anzake, ndipo umene akatswiri a zaumulungu monga Augustine Musopole anauika pakati pa maganizo awo, sutanthauza kulandira kokha. Kumudzi munthu amawerengedwa chifukwa chakuti akasowa pantchito anthu amafunsa kuti ali kuti, ndipo amene sanapatsidwepo mbali yoti asenze sasowedwa ndi aliyense. Mwambi wakuti ukaipa dziwa nyimbo, umene ena amalimbikitsa nawo anthu aulumali, uli ndi choonadi chake, koma umaika katundu yense pa munthu mmodzi, ngati kuti iye ayenera kukhala ndi luso loposa la onse kuti alipire malo amene anzake amapatsidwa popanda kufunsidwa.

Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake yotchedwa Laborem Exercens ya 1981, chaka chimene bungwe la United Nations linachipatula kukhala cha anthu aulumali, anasiyanitsa mbali ziwiri za ntchito: chimene chimapangidwa, monga nsalu, chimanga kapena lipoti, ndi munthu amene akuchipangayo, yemwe amakula ndi kudzizindikira pogwira ntchitoyo. Iye anaika mbali yachiwiriyi patsogolo, ndipo kuchokera pamenepo anaphunzitsa kuti kulola amphamvu okha pantchito ndi tsankho lalikulu la olimba pa ofooka. Wolemba ntchito angayankhe kuti kampani si tchalitchi ndipo malipiro amachokera m'phindu, ndipo yankho limeneli siliyenera kunyozedwa. Chimene liyenera kufunsidwa n'chakuti kulephera kumene akukuopako kuli m'thupi la munthuyo kapena m'makonzedwe a malo. Mtsikana wa panjinga ya olumala amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, akafika pa ofesi n'kupeza kuti mayeso a ntchito akuchitikira m'chipinda chapamwamba chofikako ndi masitepe okha, nanyamulidwa ndi alonda awiri ofunsa mafunso akuyang'ana, amakhala wagwa kale m'maso mwawo asanayankhe funso loyamba, chonsecho masamu ake alibe chilema. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi analivomereza mu 2009, limafuna kuti olemba ntchito azisintha zimene zingasinthike popanda kuwalemetsa mopitirira muyeso: kutsitsira mayeso m'chipinda chapansi, kuika pakompyuta pulogalamu yowerengera wosaona mokweza monga NVDA, imene ndi yaulere, kuitana womasulira chinenero chamanja pamsonkhano, kapena kumupatsa wachialubino zolemba za zilembo zikuluzikulu ndi ntchito yosamuika padzuwa.

M'Malawi, bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la 1971, linatsegula malo monga fakitale yoluka nsalu ya ku Bangwe, ndipo mabanja ambiri adya thukuta la manja a oluka kumeneko. Koma malo opatulidwira aulumali okha amafanana ndi chipinda cha nkhuni chija, ntchito yeniyeni ndi yolemekezeka, yochitikira kutali ndi guwa. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa tsankho polemba ntchito, ndipo la 2024 linalowa m'malo mwake. Izi sizikutanthauza kuti ulemerero wa munthu umachokera ku ntchito, pakuti alipo ena amene ulumali wawo ndi waukulu kotero kuti sadzalembedwa ntchito iliyonse, ndipo chifaniziro cha Mulungu mwa iwo n'chathunthu. Kwa iwo gome la Davide ndilo chilungamo. Cholakwa chimabwera pamene gomelo laperekedwa kwa munthu amene akupempha khasu, choko kapena kope. Mipingo m'Malawi ili ndi sukulu zambiri, ndiponso zipatala zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, choncho ndi olemba ntchito aakulu, ndipo funso la Levitiko limawapeza Lolemba m'mawa, pamene komiti yakhala pansi ndi makalata ofunsira ntchito, imodzi mwa iwo ili ya mphunzitsi wosaona amene dzulo lake anatsogolera kwaya.