Chakudza sichiimba ng'oma, nanga m'mabuku oopsa?

Mwambi wakuti chakudza sichiimba ng'oma timaumva kwambiri pamaliro ndi pangozi, akuluakulu akamatonthoza otsala kuti asadziimbe mlandu. Pamenepo suvuta kuuvomereza. Koma munthu akatola buku la nkhani zoopsa, mwambiwu umayamba kugwedera. Chikuto chokha chaimba kale ng'oma. Wowerenga wagula mantha ndi ndalama zake, akudziwa bwino kuti kanthu kakubwera.

Alipo alembi amene amautsata mwambiwu momwe ulili. Tsamba lili zii, mwadzidzidzi mzukwa uli pakhomo, magazi ali chuchuchu. Mtima umagunda ndithu, koma buku likatsekedwa mantha athera pomwepo, ndipo palibe amene amalibwereranso.

Alembi aluso amachita zina. M'chaka cha 1948 magazini ya The New Yorker idasindikiza nkhani ya Shirley Jackson yotchedwa The Lottery, ndipo owerenga ambiri adalemba makalata aukali. Chidawapweteka n'chakuti anthu a m'mudzi wabata adagenda mnzawo mpaka kufa, potsata mwambo wa chaka ndi chaka. Komatu koyambirira kwenikweni kwa nkhaniyo ana ali kalikiliki kuunjika miyala. Ng'oma idalira, owerenga adaiyesa masewera a ana.

Mariana Enriquez wa ku Argentina amapita nazo patali. Iye adakula m'nthawi ya ulamuliro wa asilikali wa 1976 mpaka 1983, pomwe anthu zikwizikwi ankatengedwa osabwereranso. M'buku lake la 2019, Nuestra parte de noche, muli gulu la mabanja olemera lopembedza mdima, lomwe limapereka anthu nsembe, ndipo m'dziko lomwe anthu akusowa tsiku ndi tsiku palibe wofunsa kuti apita kuti. Choopsa pano sichidabwere mwakachetechete ayi. Galimoto idaima usiku, chitseko chidagogodwa, oyandikana nawo adamva, n'kutseka mawindo. Mwambi uja ukalowa m'nyumba zotere umasanduka pobisalira, chifukwa wonena kuti sadamve kanthu ndi yemweyo adatseka makutu. Buku loopsa ndimaliyesa pamenepa: ndikaliwerenganso, kodi ndikupeza chenjezo lomwe ndidalidumpha poyamba?

Ngakhale zili choncho, mwambiwu sudagonje. Pali mtundu wina wa nkhani, zachilendo zosalongosoleka, momwe zizindikiro zili mbwee koma palibe wodziwa kuziwerenga. M'buku la Jeff VanderMeer la 2014, Annihilation, amayi anayi osatchulidwa mayina akulowa m'dera lotsekedwa la Area X. Ndi gulu lakhumi ndi chiwiri kutumizidwako. Akupeza dzenje lokhala ndi makwerero opita pansi, pakhoma pake pali mawu olembedwa ndi zomera zamoyo. Mawuwo akuwerengeka, koma sakuthandiza aliyense kuthawa. Ng'oma yomwe sukudziwa gule wake ndi phokoso chabe, ndiye akuluakulu aja sadaname.

Owerenga ena amakwiya ndi mabuku otere, amati mlembi wawanyenga powasiya opanda yankho. Ine buku losayankha mafunso ndimalikhululukira. Amene sindimukhululukira ndi mlembi yemwe iye mwini sakudziwa chomwe chili pansi pa dzenjelo, n'kumabisa umbuli wake m'chifunga. Enriquez amachidziwa chomwe akubisa, ndipo zimaoneka m'tsamba lililonse. Za VanderMeer ndikadali pakati: masamba ena amandikhutiritsa, ena ndimaganiza kuti nayenso akungopapasa khoma ngati amayi aja.