Diso la Pafupi ndi Diso la Patali

Anthu ojambula zithunzi ali a mitundu iwiri, monga alinso asodzi a mbedza ndi asodzi a khoka. Wina akafika ku gombe la Senga Bay abwerera m'mbuyo, nakwera pathanthwe, nafuna kuti nyanja yonse, cisumbu ca Namalenje ndi mapiri a kutsidya zilowe pamodzi m'kamera yace. Mnzace agwada pamcenga, nasendeza galasi lace pa kankhono kamodzi, kapena pa mfundo ya ukonde, osasamala konse za dzuwa lirikutuluka m'madzi. Onse awiri ati ajambula nyanja. Tsono ndikufunsani inu owerenga okondedwa: ndani mwa awiriwa anena zoona? Musayese kuti mlanduwu ngwa eni makamera okha, pakuti masiku ano mafoni ojambula afika m'midzi yathu yomwe. Ndiponso munthu ali yense, angakhale alibe foni, asankha tsiku ndi tsiku poimirira pamene apenya mnzace.

M'caka ca 1861 David Livingstone ndi John Kirk anayenda pangalawa m'nyanja yathu ino kulinga kumpoto. Kirk ameneyo anali sing'anga wodziwa zomera, ndiponso mmodzi wa oyamba kujambula zithunzi m'maiko a Zambezi. Paulendopo anaona kutali cinthu cokwera ngati utsi, nayesa kuti chire lirikupsa tsidya lija. Koma ngalawa italowa m'utsimo anapeza kuti palibe moto. Tinali tizirombo tosawerengeka, nkhungu zomwe zija anthu a kunyanja amaziomba ndi malicero naziumba zikhale ndiwo. Diso la patali linawanamiza, ndipo la pafupi linawaongola. Komatu munthu wosadziwa nyanja, mutamuikira kankhungu kamodzi pacikhato, sangabvomere kuti kanthu kotere kangaime pamadzi ngati mzati wofika kumitambo. Cimeneco acidziwa yekhayo waima patali.

Ojambula a pafupi atipatsa cuma cimene ife eni nyanja tinali kuciponda osacidziwa. Nsomba zazing'ono za m'miyala, zochedwa mbuna, asodzi ambiri sanali kuziyesa ndiwo zeni zeni. Koma anthu onga Ad Konings wa ku Netherlands, amene wamira m'nyanja ino zaka zambiri ali ndi kamera m'manja, anationetsa kuti mbuna za pa cisumbu cimodzi zisiyana maanga ndi za pa cisumbu cinzace, ndi kuti nsomba yaikazi isunga mazira m'kamwa mwace masabata ngati atatu, osadya bwino, kufikira ana atakhwima. Ndani akanaganiza kuti m'kamwa mwa nsomba muli cikuta? Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ojambula otere adekhadi, pakuti nsomba siimirira kuti ijambulidwe. Lero tidziwa kuti palibe nyanja yina ya madzi opanda mcere pa dziko lonse yokhala ndi mitundu ya nsomba yocuruka monga yathu. Cifukwa ca nsomba zimenezi boma linapatula Lake Malawi National Park m'caka ca 1980, ndi zisumbu za Maleri za kuno kwathu ziri m'menemo. Ndipo mu 1984 a UNESCO anawerenga malowo pakati pa cuma ca anthu onse.

Koma cithunzi ca mbuna, cingakhale cokongola, ciri ndi malire ace. Mbuna zambiri zidya ndere zomera pamiyala. Matope akakuta miyalayo ndere sizimera bwino, ndipo wojambula wa pafupi aona matopewo, koma kamera yace singamuuze kumene acokera. Apa ndipo pafunika diso la patali. Kuyambira 1972, pamene anthu a ku America anaponya kumwamba makina oyamba a Landsat, dziko lijambulidwa kucokera kuthambo. Ndipo m'zithunzi zotere, nyengo ya dzinja, muoneka madzi ofiira a mtsinje wa Linthipe alikulowa m'nyanja ngati lilime lalitali. Linthipe acokera ku mapiri a ku Dedza, nalandira mtsinje wa Lilongwe panjira. Munthu wolima m'mphepete mwa mtsinje kumtunda uko, kapena woocha makala ku Dzalanyama, kapena sanaonepo mbuna ciyambire kubadwa kwace. Koma khasu lace ndi nkhwangwa yace zifika ku Maleri. Palibe wina angalumikize anthu awiriwa, mlimi ndi msodzi, koma iye wopenya dziko lonse nthawi imodzi. Cifukwa cace sindipeputsa diso la patali ai.

Ndiliopa nkuliopa. Taonani zithunzi zimene aitanira nazo alendo ku gombe lathu: dzuwa lirikutuluka, madzi ali ngati golidi, ndi pakati pace kabwato, ndi m'kabwatomo kadontho kakuda. Kadontho kameneko ndi munthu. Wacezera usiku wonse ndi nyali, kuitana usipa, mphepo ya mwera irikumlasa m'nthiti. Kapena abwera ndi theka la cidebe, ndipo la thekalo gawo lalikuru ndi la mwini ukonde ndi injini. Wogula cithunzi ati, Ha, mtendere wace! Wojambulayo sanaonjeze kanthu, sanacotse kanthu. Anangoima patali, ndipo kutalikirako kunamnamira. Cinthu ciri conse cikoma m'maso ukacitalikira. Pa 7 December 1972 amuna a m'combo ca Apollo 17 anajambula dziko lapansi lonse lathunthu, Africa alikuonekera bwino pakati pa mitambo yoyera. Ncokongola ndithu cithunzico, koma simungapezemo wodwala ngakhale mmodzi, kapena maliro, kapena nkhokwe yopanda kanthu.

Ife a ku Salima tidziwa mtengo wace wa kupenya kotere, pakuti tinaulipira pa njala ya 2002. Cimanga citacepa m'caka ca 2001, ciwerengero ca zokolola za dziko lonse cinaonetsa ngati cinangwa ndi mbatata zidzatseka mpatawo, ndipo ambiri okhala m'maofesi anakhazika mtima pansi. Ndico cithunzi ca patali, cojambulidwa ndi manambala. Koma anchito a Save the Children, amene anali kuyeza ana mmodzi mmodzi kuno ku Salima ndi ku Mchinji, pamodzi ndi atsogoleri a mipingo okhala pakati pa anthu, anali ataona kale kuti zinthu zaipa, napfuula. Boma linalengeza za tsokalo kumapeto kwa February 2002, anthu atayamba kale kuika maliro. Sindinena kuti owerengera anali ouma mtima. Ndinena kuti malo amene anaimapo anawalola kugona tulo, pamene wogwira dzanja la mwana sakanakhoza kugona.

Pano ndipo mtima wanga upendekera kwa wojambula wa pafupi, ndipo cifukwa cace ncamwambo. Iye amene afuna kujambula manja a mai woyanika usipa pathandala ayenera kufika pathandalapo. Ayenera kunena odi, napereka moni, nafotokoza cimene wadzera. Maiyo amuona nkhope, akhoza kumfunsa kumene cithunzi cidzapita, akhoza kupempha kuti ayambe wakonza duku lace, akhozanso kukana. Wapafupi ayankhidwa, wapatali palibe womuyankha. Ana a sukulu acidziwa ici osaphunzitsidwa: mukawauza kuti ajambule nyanja pa pepala, alemba msodzi wamkuru woposa bwato lace, ndi zala zonse zisanu pa nkhafi, ndipo nyanja ingokhala timizere titatu pansi pace. Ife aphunzitsi tifulumira kuwauza kuti miyeso yalakwika. Koma mwanayo walemba atate wace monga awadziwira.

Wina adzati, Nanga wapafupi sacimwa kodi? Acimwa, ndipo chimo lace lipweteka koposa, cifukwa alicita pamaso pa munthu. Alipo ofika pa mwana wotupa miyendo, nasendeza kamera pankhope yace, osafunsa amace, nacoka osadziwa ndi dzina lomwe. Mu 1993 Kevin Carter wa ku South Africa anajambula mwana wofooka ndi njala ku Sudan, muimba uli kumbuyo kwace. Cithunzico cinagwedeza maiko, ndipo cinampatsa mphotho ya Pulitzer mu 1994. Koma anthu ambiri anafunsa cimene iye anamcitira mwanayo atatha kujambula. Funso lotere lifunsidwa kwa wapafupi yekha, pakuti ndiye anali pamalo pothandiza. Wojambula dzuwa ndi kabwato palibe amfunsa kanthu.

Utsala mtundu wacitatu umene sindinauchule poyamba, ndiwo wobadwa ndi makina a masiku ano. Pali magalasi atali okoka za kutali, kotero kuti munthu akhoza kukhala pakhonde la nyumba ya alendo, tiyi ali pambali, najambula makwinya a pamphumi pa nkhalamba yosoka ukonde kugombe, ngati wakhala naye pamphasa imodzi. Woona cithunzico adzayesa kuti awiriwa anacezerana. Koma sipanamveke odi, sipanaperekedwe moni. Nkhalambayo inatsiriza ukonde wace nipita kwao, yosadziwa kuti nkhope yace idzapacikidwa pakhoma ku London kapena ku Johannesburg.