KODI MWANA ASENZE MLANDU WA ATATE WACE?

Pali funso limene lasautsa mitima ya anthu kuyambira kale, ndilo ili: munthu akacita coipa cacikuru, nalowa m'ndende, kodi a pa banja pace tiwayese otani? Tifuna kulingalira mau amenewa pamodzi ndi owerenga athu, ndipo kuti tisanene za m'mutu cabe, titenga nkhani yoona imene inacitika ku Amereka.

M'dera la Kansas, pafupi ndi mzinda wa Wichita, munali munthu dzina lace Dennis Rader. Anali ndi mkazi ndi ana awiri, mwamuna ndi mkazi. Anali kugwira nchito ya boma m'mudzi wa Park City, ndipo abale a mu mpingo wa Christ Lutheran anamsankha akhale wapampando wa bungwe la mpingo wao. Koma munthu yemweyu anapha anthu 10 kuyambira caka ca 1974 kufikira 1991. Oyamba anali anai a nyumba imodzi, atate, amai ndi ana awiri. Wina, m'caka ca 1985, anali mai womanga naye pa mseu umodzi. Zinapita zaka zoposa 30 osadziwika. Pomariza kunyada kwace kunamgwiritsa, pakuti anatumiza kacimbale ka kompyuta ku nyumba ya wailesi ya kanema, ndipo apolisi anapezamo dzina la mpingo ndi dzina lace loyamba. Anamgwira pa 25 February 2005. Iye anabvomera zonse pabwalo, ndipo m'mwezi wa August woweruza anagamula kuti akhale m'ndende kufikira imfa yace. Anamtsekera ku El Dorado.

Tsono taonani amene anatsala kunyumba. Mkazi wace, amene anakwatiwa naye m'caka ca 1971, anapempha kuti ukwati uthe, ndipo bwalo linalola msanga. Mwana wace wamkazi, Kerri Rawson, anali wa zaka 26, wokwatiwa, wokhala ku Michigan. Wapolisi anagogoda pa khomo pace, namuuza kuti atate wace ndiye wambanda uja amene Wichita yense anali kumuopa. Pambuyo pace anamva cinanso cowawa: kuti atsimikize mlandu, apolisi anakatenga ku cipatala, iye osadziwa, kanthu ka m'thupi mwace kamene madotolo anasunga, nayesa DNA yace, ndiyo cizindikiro cimene mwana alandira kwa omubala. Cotero thupi la mwana linacitira umboni atate wace.

Ena adzati, "Make mbuu, mwana mbuu, mwazi sunama." Inde sunama, koma tifunse cimene unanena. Mwazi wa mkaziyo unasonyeza cinthu cimodzi cokha, kuti iye ndi mwana wa uje. Sunanene kuti mtima wace uli ngati wa atate wace. Kwa makolo tilandira msinkhu, nkhope ndi mayendedwe. Koma kupha kuli nchito imene munthu aipangana mumtima mwace, naicita ndi manja ace. Mneneri Ezekieli anatsutsa ganizo lomweli pa mutu 18 wa buku lace, pamene anaphunzitsa kuti munthu ali yense ayankha pa zocita zace za iye mwini.

Enanso adzati, "Nanga mkazi akhala bwanji ndi mwamuna zaka 34 osazindikira kanthu?" Funso ili n'lolemera, ndipo sitilipeputsa. Alipodi akazi ndi abale amene abisa mbala ndi ambanda, nadya nao za kuba. Otere ali nao mlandu wao wao. Koma pa nkhani iyi palibe ndi mmodzi yemwe wa pa banjapo amene anaimbidwa mlandu. Ndipo kumbukirani kuti mpingo wonse unamkweza munthuyu, anansi anapatsana naye moni tsiku ndi tsiku, apolisi anamfuna zaka zambiri osampeza. Tikatsutsa mkazi cifukwa ananyengedwa, titsutsenso onsewo. Wonyenga wocenjera ayamba kunyenga a m'nyumba mwace, popeza ndiwo amkhulupirira koposa.

Cobvuta ceni ceni cili mumtima mwa mwana. Atate amene anamlera, namphunzitsa kuwedza nsomba, ndiye yemwe anapha ana a eni. Akamkonda, aoneka ngati apeputsa mwazi wa ophedwa. Akamuda, akana ubwana wace wonse. Kerri Rawson anafotokoza nkhondo imeneyi m'buku lace la m'caka ca 2019, ndipo ananena kuti m'caka ca 2012 analembera atate wace kalata ya cikhululukiro. Tizindikire bwino apa. Kukhululuka kwa mwana sikucepetsa mlandu, sikutsegula citseko ca ndende, ndiponso sikulankhulira amasiye a ophedwa, amene cisoni cao ciposa ca onse. Mwanayo akhululuka gawo lace lokha, ndilo bodza limene anamlera nalo. Sitiyenera kumkakamiza acite msanga, kapena kumdzudzula akacita.

Tiona tsono kuti mlandu ndi manyazi zili zinthu ziwiri. Mlandu ukhala pa wocimwa yekha, ndipo bwalo liudziwa malire ace. Koma manyazi alibe woweruza. Ndife anansi amene tiwasenzetsa anthu, ndi maso athu ndi manong'onong'o athu. Ndende ya boma itsekera mmodzi, koma mudzi ukhoza kutsekera banja lonse popanda kulizenga mlandu.

Nkhani iyi inacitika kutsidya kwa nyanja, koma funso lace lifika pakhomo pathu. Mkazi wa wandende akafika pa citsime, kodi amai anzace adzaleka nkhani zao ndi kuyang'ana kumbali? Mwana wace akalowa m'sukulu, kodi adzapeza wokhala naye pa benci? Akakula nafuna ukwati, kodi ankhoswe adzayesa makhalidwe ace, kapena dzina la atate wace? Maliro akagwa pa nyumba imeneyo, kodi tidzanyamula makasu kunka kumanda? Abale, tiyambe kutonthoza a ophedwa, pakuti ndiko kuyenera. Titatero, tipite ndithu ku nyumba inayo, imene anthu aopa kuilowa, tikapereke moni.