Pikiapu ya Malemu Bambo

Pansi pa mtengo wa mango ku Mtandire, kuseri kwa mipanda ya Area 47, injini ya Nissan 1400 yagona pa chiguduli ili ziwaloziwalo. Mapisitoni anayi anyikidwa m'beseni la petulo, mabawuti ali m'chitini cha mkaka, kirankishafuti yapita ku Biwi kukapalidwa. Injiniyi inanoka itasowa oyilo. Mwini wake, amene wakhala akunyamulira njerwa ndi kabichi pa pikiapuyi chimwalirireni bambo ake, amabwera m'mawa uliwonse kudzazonda ngati ali ndi matenda kuchipatala.

Tigalimoto timeneti tinkapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria. Tinayamba mu 1971 ndi dzina loti Datsun 1200, mu 1980 tinalandira injini ya A14 ya 1,397 cc, ndipo komaliza kanatuluka m'fakitale mu 2008. Olankhula Afrikaans anatipatsa dzina loti Kanniedood, kutanthauza chinthu chokana kufa. Dzinali likuyenera, koma labisa funso. Maring'i, mabering'i ndi gasiketi zikubwera zatsopano. Masilinda akabowoledwa, mapisitoni akale achepa, pafunika onenepako ndi theka la milimita. Silinda hedi inachoka m'galimoto ina imene inagubuduzika. Giyabokosi anasintha kalekale, ndipo chitseko chakumanzere n'chobiriwira pamene galimoto yonse ndi yoyera. Nanga ikadzalira, idzakhala ikadali ya malemu bambo ija?

Agiriki anakanganapo pa nkhani yomweyi. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus kwa zaka mazanamazana, thabwa likawola n'kumaikapo lina, mpaka anzeru awo anagawikana: ena ankati ndi yomwe ija, ena ankati ayi. Mu 1655 Thomas Hobbes wa ku England anathira tsabola. Iye anafunsa kuti bwanji wina atamatola matabwa otayidwawo n'kukhoma nawo ngalawa yachiwiri, yeniyeni ingakhale iti? Hobbes akanafika ku Mtandire akanaseka, pakuti kuno palibe chitsulo chotayidwa. Pisitoni yotha pano ikukagwira ntchito m'injini ina ku Kawale kapena ku Chinsapo.

Amakaniko sachedwa nalo funsoli. Kwa iwo injini ndi buloko, chifukwa nambala inadindidwa pamenepo. Boma nalo limaganiza chimodzimodzi: bulubuku ya ku Road Traffic imasunga nambala ya chasisi ndi ya injini, za mapisitoni ilibe nazo ntchito. Yankho limeneli n'lothandiza pa rodibuloko, koma pa nzeru n'loperewera. Buloko ikang'aluka n'kuikamo ina, mwini uja sangasiye kunena kuti ndi galimoto ya bambo ake, ndipo palibe mnansi angamutsutse.

Kumanga injini kumaonetsa kumene yankho labisala. Zitsulo zonse zikhoza kukhala zabwino koma injini osalira. Zizindikiro za pa tcheni cha taimingi ziyenera kuyang'anana ndendende. Mipata ya maring'i isagwe mzere umodzi, apo ayi mphamvu ithawira pomwepo. Mabawuti a hedi amamangidwa kuyambira pakati kupita kumbali, pang'onopang'ono, kuti hediyo isapindike. Moto umayaka motsata 1-3-4-2, ndipo sipanaboyi akasokoneza mawaya awiri okha, injini imangotsokomola n'kuphulitsa utsi. Chimene mmisiri akubwezeretsa ndi dongosolo, kaimidwe ka chiwalo chilichonse pamaso pa chinzake, ndipo dongosolo limenelo limakhala m'mutu mwake pamene zitsulo zili mbwee pa chiguduli.

Wopemphera akaona chigudulicho amakumbuka Ezekieli 37, chigwa cha mafupa ouma. M'masomphenya aja mafupa analumikizana, mitsempha ndi mnofu zinabwera, khungu linakuta, komabe anali mitembo kufikira mpweya utalowa. Paulo, mu 1 Akorinto 15, anayankha ofunsa za thupi la oukitsidwa ndi fanizo la mbewu: chomera sichifanana ndi njere imene inakwiriridwa, koma n'chochokera mwa iyo. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa munthu si makina ndipo petulo si mzimu. Komabe Ezekieli ndi Paulo onse awiri akukana kuti chinthu ndi mulu wa zidutswa zake basi.

Achewa ali ndi yankho lawolawo, ndipo mwina ndi limene likumukwanira mwini pikiapu. Mfumu ikagona, wina amalowa dzina. Kalonga Gawa Undi amene amalandira ulemu pa Kulamba ku Mkaika ndi munthu wina, wa thupi lina, koma dzina, mpando ndi udindo ndi zomwe zija za makolo. Mwana akapatsidwa dzina la agogo, azakhali ake amamutchula mwaulemu ngati akulankhula ndi malemuwo. Chimene chimapitirira ndi dzina, ntchito, ndi anthu amene akuvomereza. Pikiapu ija yalowa dzina kangapo konse, chitsulo ndi chitsulo, ikugwirabe ntchito imene inasiyiridwa.

Tsiku loliza, batire limakhala lobwereka ndipo kawirikawiri limakana. Anyamata amakankha kutsetsereka kumsewu wafumbi, mmisiri ali pa giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi. Ikagwira, amatsika n'kugunditsa sikuludiraiva pa buloko, chogwirira chake pakhutu, kumvetsera mabering'i. Kenako amalangiza mwini wake kuti masabata oyamba asaithamangitse kapena kuisenzetsa njerwa, ndipo abwere adzasinthe oyilo.