Kodi Ulemu N'chinthu Chogula?

Pamaliro ambiri masiku ano pali mwambo woŵerenga maina a anthu amene apereka chipepeso, pamodzi ndi ndalama zimene aliyense waponya. Dzina la wopereka zambiri limatchulidwa mokweza, anthu natembenuka kuti amuone. Koma adzukulu amene alaŵirira m'bandakucha kukakumba manda m'dothi louma, ndi amayi amene achezera usiku wonse akuimba ndi kusonkheza moto, amangothokozedwa ndi mawu amodzi pamapeto. Kanthu aka n'kakang'ono, komabe kakuulula kusintha kwakukulu: muyeso umene tikuyesera munthu tsopano ndi thumba lake.

Makolo athu adali ndi miyeso ina. M'mudzi munthu ankalemekezedwa pa zinthu ziŵiri, luso la manja ake ndi khalidwe lake. Wosula zitsulo amene ankasungunula miyala m'ng'anjo natulutsamo makasu ndi nkhwangwa, mayi woumba mbiya, wosema bwato kunyanja, mlenje wodziŵa mapazi a nyama, nkhoswe yoyanjanitsa banja mopanda tsankho: onseŵa mawu awo ankamveka pabwalo. Pamene David Livingstone adayenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, akuomba nsalu ndi kusula zitsulo m'midzi mwawo. Luso lotere munthu ankalipeza atakhala zaka zambiri pambali pa mmisiri, akulakwitsa ndi kudzudzulidwa, kufikira manja ake atakhwima.

Tisanamizane kuti kale kudalibe umbombo. Mafumu ena adalemera pogulitsa minyanga ya njovu, enanso pogulitsa anthu anzawo kwa ogula akapolo amene ankawaolotsa nyanja pa Nkhotakota. Komabe m'maso mwa anthu wamba, mwini nkhokwe yodzaza ankatamandidwa kaamba ka anthu amene adadya za m'nkhokwemo pa nthaŵi ya njala. Akuluakulu ankati kupatsa n'kuika. Munthu womana, kaya mbuzi zake zichuluke bwanji, dzina lake linkanunkha.

Nanga zinthu zidatembenuka bwanji? M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo banja lililonse lidayamba kufunafuna ndalama. Khasu la kusitolo lidazimitsa ng'anjo, nsalu ya kufakitale idakhazika pansi woomba thonje. Anyamata adapita kukagwira ntchito m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena m'migodi ya ku Rhodesia, ena ku Johannesburg kudzera kwa Wenela. Wobwerera kwawo ndi njinga, jekete ndi sutikesi adayamba kumvedwa kuposa malume ake amene adatsala akusema mitondo. Anyamataŵa sitingawadzudzule, pakuti ndalama zawo adazipeza ndi thukuta, ndipo ambiri adasiya thanzi lawo pansi pa nthaka. Koma kuyambira pamenepo mudzi udazoloŵera kuyang'ana zimene munthu wanyamula, osati zimene amatha kuchita.

Apa ndiye pali gwero la vuto. Luso silinama: mbiya youmbidwa mwaulesi imasweka pamoto, bwato losemedwa mokhota limamwa madzi. Khalidwe nalonso silibisika, pakuti anansi amaliona tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Koma ndalama sizinena kumene zachokera. Ndalama ya mlimi wa fodya ndi ndalama ya mbala zili ndi nkhope imodzi, ndipo zimagula mofanana. Motero mtundu umene walumikiza ulemu ku ndalama wavomera kulemekeza wolungama ndi wakuba pa mpando umodzi.

Zotsatira zake tidaziona m'chaka cha 2013, pamene kudaululika kuti ndalama za boma zokwana mabiliyoni ambiri a kwacha zidabedwa ku Capital Hill mu Lilongwe, pa nkhani imene idatchuka ndi dzina loti Cashgate. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu ndiwo adamva kuŵaŵa. Ena mwa olakwawo makhoti adawapeza ndi mlandu. Funso limene makhoti sangayankhe ndi ili: pamene munthu wolandira malipiro ochepa adayamba kugula magalimoto ndi kumanga nyumba zikuluzikulu, ndi angati mwa abale ndi anansi amene adafunsa kumene kukuchokera chumacho? M'chaka cha 2018 padakhazikitsidwa lamulo la zipani za ndale loletsa opikisana pa chisankho kugaŵira anthu ndalama ndi mphatso pofuna mavoti. Kufunika kwa lamulo lotere ndi umboni wakuti ngakhale utsogoleri udayamba kuyesedwa ndi kukula kwa thumba.

Ana athu amaona zonsezi. Mwana akaona mphunzitsi amene waphunzitsa mudzi wonse kuŵerenga ataimirira kumbuyo paukwati, pamene munthu wosadziŵika ntchito yake wapatsidwa mpando wa kutsogolo chifukwa waponya zambiri pa perekani-perekani, waphunzira phunziro limene bukhu la kusukulu silingafafanize. Tidzadabwa bwanji maŵa akanyoza ukalipentala ndi utelala, nafuna njira yachidule yopezera ndalama?

Mpingo sudakhale chete pa nkhaniyi. Yakobo Woyera, m'mutu wachiŵiri wa kalata yake, adadzudzula Akhristu oyamba chifukwa chopatsa malo abwino munthu wovala zokongola ndi kuimiritsa wosauka. M'chaka cha 1955 Papa Pius XII adaika tsiku la 1 Meyi kukhala chikondwerero cha Yosefe Woyera Wantchito, mmisiri amene adalera Ambuye ndi ntchito ya manja ake. M'chaka cha 1981 Papa John Paul II adalemba kalata yokhudza ntchito ya munthu, m'mene adaphunzitsa kuti ntchito ndiyo iyenera kutsogola, chuma chibwere pambuyo, ndi kuti ulemerero wa ntchito umachokera kwa munthu woigwirayo. Tsono tidzifunse pa parishi ndi m'miphakati yathu: posankha atsogoleri, kapena mlendo wolemekezeka pa tsiku la zopereka zapadera, timayamba kuyang'ana chiyani?

Wina anganene kuti tchalitchi sichifoleredwa ndi khalidwe, chimafuna malata, ndipo malata amafuna ndalama. Zoonadi. Chuma pachokha si tchimo, ndipo wamalonda wachilungamo amene walemba ntchito anthu khumi nawalipira pa nthaŵi yake ngwoyenera ulemu wonse. Koma timlemekeze chifukwa cha khama lake ndi chilungamo chake, zimene zili luso ndi khalidwe zomwe zija. Pa chuma chilichonse pali mafunso aŵiri: wachipeza bwanji, ndipo akuchita nacho chiyani? Mafunsoŵa tikaleka kuwafunsa, ulemu wathu wasanduka katundu wa pamsika.

Zinthu zingathe kukonzeka. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo amisiri osema mitengo a kumeneko ntchito zawo zidafika m'matchalitchi ambiri m'Malaŵi muno ndi kunja. Lusolo lidalipo kale m'midzi. Chidafunika ndi munthu woliona ndi kulipatsa malo.

Ntchito yomweyo ili m'manja mwa banja lililonse. Pocheza madzulo, ana amve tikutama mmisiri amene adamanga nyumba yosang'aluka, namwino wosalandira chiphuphu, gogo wolera ana amasiye. Mwana akabwera ndi ndalama zosadziŵika bwino, makolo afunse asanalandire. Ulemu ndi chinthu chimene ngakhale wosauka ali nacho chopereka, ndipo amene timampatsa lero ndiye amene ana athu adzafune kufanana naye.