Ngongole ya Tsiku Lomaliza

Tsiku langa lomaliza ku Zanzibar ndinadzuka ndili ndi ngongole ya makapu anayi a khofi. Bambo ena achikulire amene ankagulitsa khofi pamphambano ina mu Stone Town anali atandizolowera m'masabata awiri amene ndinakhala kumeneko. Masiku awiri otsatizana ndinapezeka ndilibe ndalama zing'onozing'ono, iwo n'kungokupiza dzanja kuti ndidzapereka mawa. Mawa lakelo linafika tikiti ya boti lopita ku Dar es Salaam ili kale m'thumba, ndipo kumeneko ndinkakakwera sitima ya TAZARA yopita ku Kapiri Mposhi.

Amene anafikako ku Stone Town akudziwa kuti tinjira take n'topanikiza ndiponso tokhotakhota, moti m'malo ambiri galimoto silowa. Kuchokera kunyumba ya alendo kukafika kudoko njira zilipo zambirimbiri. Ndikanatha kudzera ina, osaonana nawo bambowo. Sankadziwa kumene ndinkagona, ngakhale dzina langa ankalitchula mopotoza. Ndivomere kuti ganizo limeneli linandifikira. Ndalama ndinali nazo, koma chikwama chinali cholemera, dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo mumtima munali kamawu kakuti makapu anayi sangasaukitse munthu.

Kumudzi timabweza ngongole pazifukwa zambiri, ndipo chimodzi mwa izo n'chakuti mwini ndalama tidzakumana naye kuchigayo, pamjigo ndi pamaliro. Manyazi amatilondera kuposa apolisi. Tsono pa tsiku lomaliza m'dziko la eni mlonda ameneyu amagona. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, pofuna kuti eni mudzi amusamale poti sakhalitsa. Mwambiwu tikauona kuchokera kumbali ya mlendoyo umaopsa, chifukwa mame akakamuka palibe amene amawalondola. Plato, m'buku lake la Republic, anasimba za mbusa wina dzina lake Gyges amene anatola mphete yomuchititsa kuti asamaoneke, ndipo atazindikira mphamvu yake anapha mfumu n'kulanda ufumu. Funso la nthanoyi n'lakuti kodi alipo munthu amene angapitirize kuchita chilungamo atatsimikiza kuti palibe adzamugwire. Aliyense amene wanyamula tikiti yochokera m'dziko lachilendo amavala mphete yotereyi kwa maola angapo. N'chifukwa chake ena amasiya chipinda chogona chili mbwee, ena amalalatira woperekera zakudya amene dzulo lake ankamusekerera, enanso amathawa ngongole.

Ndinadzera njira ya kwa bambowo n'kupereka ndalama zawo. Sindikunena izi modzitama, chifukwa mbali imeneyi inali yosavuta. Ngongole ya ndalama ili ndi nambala, ndipo ukaipereka yatha. Chovuta chinabwera iwo ataona chikwama changa n'kufunsa kuti, "Mwanangu, udzabweranso liti?"

Yankho linali kale pamlomo: chaka chamawa, bambo. Ndi mawu amene ambirife tawanenapo pamageti a anthu, pamasiteshoni a basi ndi pamabwalo a ndege. Koma ine ndinkadziwa kuti ulendowu unatheka chifukwa cha mwayi umene subwera kawiri, ndipo zobwereranso zinali zokayikitsa kwambiri. Kodi n'kulakwa kulonjeza kubwerera kumene ukudziwa kuti sudzapondakonso?

Ambiri angati ayi, ndipo ali ndi mfundo. Mawu otsanzikana ndi mwambo chabe. Tikati "tionana" sitikhala tasaina pangano, ndipo womva amadziwa zimenezo. Kuuza munthu amene wakuchitira zabwino kuti simudzaonananso kuli ngati kumuthira madzi ozizira. Ulemu nthawi zina umafuna kuti choonadi chivale nsalu. Ndiponso ndani amadziwa za mawa? Mwina udzabwereradi.

Mfundo imeneyi ndimaimva, koma imaiwala chinthu chimodzi: wochoka ndi wotsala sasenza lonjezo mofanana. Wochoka maganizo ake amakhala ali kale kutsogolo, pa nthawi ya boti, pa chiphaso chodutsira malire, pa amene akamuchingamire. Akangokhala pampando, malo atsopano amayamba kufufuta akale. Wotsala amakhala pamphambano yomwe ija, akuona mpando umene mlendo ankakhalapo. M'masiku amene ndinakhala ku Stone Town ndinacheza ndi anyamata angapo operekeza alendo, ndipo ena anandionetsa manambala a anthu a kunja amene anawalonjeza zithunzi, foni, ndalama za sukulu kapena kalata yowaitanira kuntchito. Mmodzi anali akuyembekezerabe. Amene analonjezawo mwina sanali anthu oipa mtima. Ankangofuna kuti mphindi yosiyana ikhale yokoma, ndipo kukoma kumeneko anakugula ndi chiyembekezo cha munthu wina.

Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, anapereka chitsanzo cha munthu amene amabwereka ndalama n'kulonjeza kubweza akudziwa kuti sadzatha. Iye anati aliyense atamachita zimenezi, lonjezo lingathe ntchito chifukwa palibe angalikhulupirire. M'malo ofikako alendo ambiri zimenezi zinachitika kale. Mawu akuti "ndidzabweranso" anasukuluka ngati ndalama imene yagwa mphamvu, ndipo amene amaluza kwambiri ndi mlendo woona mtima amene akabwera pambuyo, chifukwa naye samukhulupirira. Tsono bodza laling'onoli lilinso ngongole, kungoti amene amabweza ndi ena.

Pali china chimene chinandiletsa kuyankha mopepuka. Masiku angapo m'mbuyomo ndinali nditalowa m'tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Mkunazini, chimene anayamba kumanga mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo. Chaka chomwecho Sultan Barghash anatseka msikawo atakakamizidwa ndi boma la Britain. Ambiri mwa anthu amene anagulitsidwa pamenepo anachokera kumadera a kunyanja ya Malawi. Ena anawolotsedwa kuchokera ku Nkhotakota, n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, kenako n'kukwezedwa m'zombo. Kwa ambiri a iwo Zanzibar anali malo odutsira, monga analili kwa ine. Nawonso anali ndi tsiku lomaliza pachilumbachi asanapititsidwe kwina. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sanatsanzike aliyense, kuyambira kumudzi kumene anagwidwa. Nditaganizira zimenezi ndinaona kuti kutsanzika ndi ufulu: kuima pamaso pa munthu, mwa kufuna kwako, n'kunena kuti ndikupita. Munthu amene wapatsidwa ufulu woterewu sayenera kuudzaza ndi mawu opanda kanthu.

Chinenero chathu chinakonza kale njira yabwino. Wochoka amati "tsalani bwino", wotsala n'kuyankha kuti "pitani bwino". M'mawu amenewa mulibe lonjezo. Amavomereza poyera kuti wina akupita ndipo wina akutsala, kenako aliyense amafunira mnzake zabwino pamene iye sadzakhalapo kuti aone. Nalonso "kwa heri" la Chiswahili limangofunira munthu madalitso. Tikati tiwonjezere za kubwerera, timati "Mulungu akalola", monga anthu a ku Zanzibar amanenera kuti "inshallah". Mawu amenewa ndi oona pokhapokha ngati mtima ukufunadi kubwerera ndipo chotsala ndi njira. Ngati mtima watseka kale chitseko, kutchula Mulungu kumangokhala kubisala kumbuyo kwake.

Sindikunena kuti mlendo azichoka nkhope ili gwaa, akulengeza kuti sadzaonekanso. Ndikunena kuti pa tsiku lomaliza munthu anene zokhazo zimene angathe kusenza. Ngati walonjeza chithunzi, achitumize asanagone usiku womwewo. Ngati sangathandize za sukulu, asazitchule. Kuthokoza kokha n'kokwanira, ndipo sikusiya munthu akuyang'ana kunjira.

Bambo aja ndinawayankha m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti sindikudziwa ngati ndidzabwererenso, koma khofi wawo ndi amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse ndipo ndikuthokoza. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatsuka kakapu kamodzi, nathiramo khofi n'kundipatsa. Nditapisa m'thumba anandigwira dzanja.

"Ameneyu si wa ngongole," anatero. "Imwa, boti lingakusiye."